Mbava Yosiya Mphete

Khofi woyamba wa pa Idi ndinamwa chiimirire, yunifolomu ili kale m'thupi. Mkazi wanga Hayet anandichingamira naye pakhomo pamene ndinkachokera ku swala, mapemphero a kumzikiti, ndipo ine, monga mwamuna aliyense wa ku Menzel Rihan amene amafuna mtendere panyumba, sindinabweze kapu yopanda kanthu. Ndinaponyamo kaphukusi ka ndolo zasiliva. Imeneyo ndiyo mphatso ya mchere. Munthu wakuphikira mwezi wonse wa Ramadani ali ndi njala, osalawa n'komwe, ndiye tsiku la Idi chimene chagwera m'kapumo ndi chake, palibe wochiitanitsanso.

Hayet anamasula kapepala kapinki, nazitembenuza ndolozo uku ndi uku.

"Za chaka chatha zinali zazikulupo," anatero.

"Makutu ako ndi omwe aja," ndinayankha.

Anandigenda ndi kansalu kopukutira mbale, koma akuseka. Nthawi yomweyo foni yanga inalira. Anali Bechir, mlonda wa ku ofesi ya meya, ndipo ankalankhula ngati akuthamangitsidwa ndi galu.

"Sajeni Lotfi, bwerani msanga! Kiyi wa mzinda wabedwa!"

*

Si Chedly anayamba umeya ine ndili kapolisi kopanda ndevu. Poyamba anali dokotala wa ziweto, ndipo mzindawu anausamala ngati ng'ombe yodwala, kuugwira apa, kuumvetsera apo. Ndi iwo anakokera madzi kumtunda, kumene amayi athu ankatunga pa abulu. Ndi iwo anadzala malalanje mumsewu waukulu, kenako n'kumakangana ndi aliyense wothyola asanapse. Theka la maanja a kuno anawamangitsa ukwati ndi iwo. Kafoni kawo kakale, komangidwa ndi labala, nambala yake ankaidziwa ngakhale ana a sukulu, ndipo kankalira paukwati, pamaliro, pachakudya, kaya ndi paipi yophulika kaya ndi mbuzi ya mnansi yadya maluwa. Sanakasiyepo kulira osayankha.

Chaka chimenecho anakana kuimanso. Anapambana Nesrine, mwini sitolo ya mankhwala, ndipo anagwirizana kuti kiyi aperekedwe pabwalo madzulo a Idi, poti ana athu a ku Tunis ndi ku Marseille amakhala ali pakhomo. Kakiyiko ndi kakang'ono, kasiliva, kofanana ndi chala chakaniche. Chitseko chimene kankatsegula chinadyedwa ndi chiswe agogo athu asanabadwe. Koma kuno ungapambane mavoti onse, ngati sunalandire kiyi kuchokera m'manja mwa wotulukayo, anthu sakutcha meya.

Ndisanalowe mu ofesi ndinamva kale mawu a Si Mongi. Ameneyu ndi malume a Nesrine, mwini malo omwera khofi pabwalo, ndipo anagonjapo kwa Si Chedly pa chisankho kangapo konse moti bala lake silinapole.

"Ndinanena ine! Mpando umakoma! Pakamwa akuti ndatula pansi, kiyi ali m'sokosi!"

"Idi yabwino, Si Mongi," ndinatero.

"Idi yabwino, mwana wa Zohra. Mumange munthuyu!"

Si Chedly anali khale pampando, atavala mkanjo wawo woyera wa Idi, nkhope ili gwa. Patebulo panali kabokosi kamtengo wa azitona, kotsegula. M'katimo munali kapepala kapinki komasulidwa, ndipo pakapepalapo panali mphete yagolide ya mwala wobiriwira, yonyezimira ngati yangotsika kumwamba.

Ndinavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Mbava yanji imeneyi, yoba siliva n'kusiya golide?"

"Chiphuphu chimenecho!" anakuwa Si Mongi. "Wina wagula malo kumsika, ndiye bwana asokoneza matumba. Kiyi akapanda kuoneka madzulo ano, ndinena zonse pa chimkuzamawu, pamaso pa mzinda wonse."

Ndinatembenukira kwa meya. "Si Chedly, kiyi munamuona liti komaliza?"

"Sabata yatha, mwana wanga. Ndinamupititsa kwa Am Tahar wosula uja kuti amupukute, anali atada. Dzulo masana ndinakamutenga atakulungidwa, ndinamuika m'kabokosi osamasula, n'kukhoma kabati. Lero ndimati ndiwaonetse anzangawa mmene wawalira." Anatambasula manja. "Ndiye ndi izi."

"Mpheteyi mumaidziwa?"

"Mulungu ndi mboni, sindinaionepo."

Kafoni kawo kanalira. Anakayankha, munthu woti mbiri yake ili pamoto, n'kuyamba kufotokozera wina kumene angapeze galimoto yochotsa zinyalala. Ndinawakhulupirira pomwepo, ndipo zinandiwawa mumtima. Munthu anatumikira mzinda mpaka imvi, lero atuluke ndi dzina la mbava chifukwa cha kachitsulo kosatsegula chitseko chilichonse?

Nesrine anandikokera pakhonde. Ndi mtsikana wofatsa, wa magalasi, wolankhula ngati akukuuza kamwedwe ka mapiritsi.

"Sajeni, ine ndikufuna kiyi, osati mutu wa munthu. Si Chedly ndi amene anandipezera malo kusukulu bambo anga atamwalira. Koma malume anga mukuwadziwa. Oimba ng'oma ayamba swala ya madzulo ikangotha."

Ndinamupempha kuti ayese mpheteyo. Inalowa pachala chake n'kugweranso m'dzanja langa. Inali ya chala chonenepa, ndipo inalibe ndi kakanda komwe, chizindikiro choti sinavalidwepo.

"Ndiye kuti si wina amene akukufunsirani," ndinatero.

"Mwatsoka," anayankha, osaseka.

Ndinayang'ana loko wa kabati. Anali wosathyoledwa, wosakandika. Amene anachita zimenezi sanalimbane ndi chitseko.

*

Bechir mlonda analumbira pa ana ake onse, mmodzimmodzi ndi maina awo.

"Sindinachoke pageti, Sajeni. Chabwino, ndinachoka kukamasula swaumu, kukadya dzuwa litalowa, kwa mlamu wanga, koma ndi patsidya pomwepa, geti ndinkaliona pawindo. Analowa ndi mphaka yekha. Wakuda uja. Sindimamukhulupirira, koma sangatsegule kabati."

"Nanga Si Mongi?"

"Anadutsa, analavula pansi monga mwa masiku onse, n'kupitirira."

Si Mongi nditamufunsa kumene anali dzulo, anafufuma ngati nkhukutembo.

"Ukundifunsa ine? Ine amene ndinakugulira nsapato zako zoyamba za mpira? Ndinali kwa ometa! Mzere kufika kumsika, aliyense akufuna kumetedwa za Idi. Ndinalowa dzuwa lili pamutu, ndinatuluka mwezi utaoneka. Ona wekha!"

Anavula chisoti chake chofiira. Ndinaona ndekha. Mbali imodzi inali yometedwa mpaka khungu, ina ngati munda wosalimidwa. Kametedwe kotero kamachokera m'manja mwa wometa amene wameta mitu ya mzinda wonse ali ndi njala, ndipo palibe munthu angadzichite dala kuti abise mlandu. Ndinamuuza kuti avalenso chisoticho, ana angaope.

Chinatsala ndi kapepala kapinki. Ndinakadziwa bwino, poti ndolo za Hayet zinakulungidwa mu komweko. Ndi pepala la Am Tahar, wosula siliva. Koma sitolo yake ndinaipeza yotseka, ndipo njira ya kwawo imadutsa pakhomo pa amayi anga, a Zohra. Wapolisi angathe kuzemba bwana wake, koma sangadutse pakhomo pa amayi ake tsiku la Idi.

*

"Wabwera mochedwa," anatero amayi, akundipatsa chipumi kuti ndipsompsone. "Khala pansi. Idya."

"Amayi, ndili pa ntchito."

"Ntchito ilibe mano, siikuluma. Idya."

Anandiunjikira makrudi, timakeke tawo ta zipatso za kanjedza tomira m'uchi, ndipo ndinadya tinayi ndisanapeze mpata wopuma. Amayi anga amakhala khoma limodzi ndi banja la meya, ndipo khomalo ndi lopyapyala kuposa mmene a meya amaganizira.

"Hayet wam'patsa chiyani?"

"Ndolo."

"Zasiliva, ndikudziwa, ndiwe mwana wa bambo ako. Ukaphunzire kwa Si Chedly. Sindikudziwa kuti chaka chino waponyamo chiyani m'kapu, koma mkazi wake Beya waimba nthungululu m'mawa uno mpaka nkhunda zonse kuthawa padenga. Ndimayesa mwana wawo wa ku Marseille wapeza mkazi."

"Lella Beya? Saimba chaka chilichonse?"

"Ameneyo? Zaka zonsezi amangoti zikomo, n'kuponya chinthucho m'kabati. Zibangili, mikanda, zonse zili mmenemo, savala. Akuti mphatso yosankhidwa ndi wosula ndi ya mkazi wa wosulayo. Koma lero! Ndinathamangira kukhoma kukamufunsa, ndinamupeza akulira uku akuseka. Akuti, 'Zohra, mwamuna wanga wabwera kunyumba.' Ine n'kuti, wabwera kuti, poti ndamuona ndi maso angawa akutuluka foni ili kukhutu, khofi atangomeza ngati mankhwala? Ukalamba ukumuyamba Beya."

Ndinaleka kutafuna. China chake chinandigwira m'mutu, koma chisanakhazikike amayi anandiikanso keke ina m'kamwa.

"Am Tahar ali kwawo?" ndinafunsa movutikira.

"Lero? Ali kumanda, kwa mkazi wake. Tenga izi um'patse, waonda."

*

Kumanda tsiku la Idi kumakhala anthu ngati kumsika. Mabanja anali akusesa, ana ovala zatsopano akuthamangitsana pakati pa miyala. Am Tahar ndinamupeza akuthira madzi pamanda a mkazi wake, akumufotokozera mitengo ya zinthu. Ndi wogontha khutu limodzi, ndipo linalo limamva zimene lafuna.

"Am Tahar, Idi yabwino! Kiyi wa mzinda wasowa!"

"Wawala, eti? Ndinamupukuta ndi manja angawa. Makina a ku Tunis sangapukute choncho."

"Ndati wasowa!"

"Usakuwe, pali anthu akugona pano."

Ndinatulutsa mphete. Nkhope yake inawala ngati waona mdzukulu.

"Ntchito yanga imeneyo. Ona mmene mwala wakhalira. Yam'kwana?"

"Yam'kwana ndani?"

"Lella Beya, nanga ndani? Chala chake ndimachidziwa kuposa mwamuna wake. Chaka chilichonse Si Chedly amasuzumira pakhomo, phazi limodzi lili panja, n'kuti, 'Tahar, konza kanthu ka mchere, kokongola.' Ndikati bwera uone, foni yalira. Ndikati ndi mphete kapena mkanda, akuti iwe ukudziwa. Dzulo ndinamupatsa timaphukusi tiwiri, ndinanena momveka kuti aka n'ka mzinda, aka n'ka kunyumba. Anati eya, eya, akulankhula ndi munthu wa mapaipi, n'kutiponya tonse m'thumba limodzi."

"Tonse m'pepala lapinki?"

"Ndili ndi pepala lina ine?"

Ndinakhala pansi pamphepete pa manda a munthu wosamudziwa n'kuyamba kuseka. Ndinaseka mpaka misozi, moti mayi wina anabwera kudzandipepesa poyesa ndikulira maliro. Kenako kuseka kunandithera, chifukwa ndinakumbukira mawu a amayi aja: mwamuna wanga wabwera kunyumba. Mbava ndinali nditaipeza. Koma kukatenga kiyiyo kunali kukalanda mayi wokalamba chimwemwe chimene anachidikira theka la moyo wake.

Kumzikiti anayamba kuitana swala ya madzulo.

*

Lella Beya sanabise kanthu. Ananditsegulira chitseko yekha, mayi wamfupi wa manja okandira ufa, ndipo kiyi wa mzinda wa Menzel Rihan anali lendee pachifuwa pake, womangidwa pa ulusi wofiira.

"Lotfi! Lowa, mwana wanga. Wamuona?" Anamukweza kuti ndimuone bwino. "Zaka zonsezi ndakhala mkazi wachiwiri. Wamkulu ndi mzinda. Ukadwala usiku, amathamangira kumeneko. Ana anga anabadwa iye ali kumsonkhano wa ngalande. Lero ndatenga kapu kupita nayo kukhitchini, ndikuti kaya ndi chibangili china cha Tahar, ndimasule, kiyi! Wandipatsa mkazi mnzanga m'manja, Lotfi. Sanalankhule kanthu, poti ndi wamanyazi, koma ndamva."

Ndagwirapo akuba nkhosa, ndalanditsapo anthu pa ndewu ya mipeni, koma sindinachitepo mantha ngati pamenepo. Ndinatulutsa mphete pang'onopang'ono n'kuiika patebulo, pambali pa mbale ya maswiti. Ndinafotokoza zonse, za pepala lapinki, za kabokosi, za chimkuzamawu cha Si Mongi. Ndinkalankhula ndikuyang'ana nsapato zanga.

Anatola mpheteyo, naiyang'ana, osaivala.

"Ndiye kuti anasokoneza."

"Inde, Lella."

"Ndipo ataiona mpheteyi, sanaizindikire n'komwe kuti ndi yanga."

Maso ake anadzaza misozi, ndipo ndinkayembekezera kulira. Koma mapewa ake anayamba kugwedezeka, kenako anaphulika chikhakhali mpaka kugwira khoma.

"Bulu wa Mulungu! Dokotala wa ziweto wosadziwa kusiyanitsa kiyi ndi mphete! Ndipo ine nthungululu mpaka kupsa pakhosi, Zohra akumvetsera kukhoma!" Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Tandiuza, iwe wapolisi. Chogwera m'kapu ya mchere ndi cha ndani?"

"Ndi cha mkazi, Lella."

"Alipo woweruza angandilande?"

"Ngakhale mmodzi. Akazi awo angawathamangitse panyumba."

"Ndiye mzinda ndi wanga." Anabweza mpheteyo m'dzanja langa. "Sunga umboni wako. Dikira nditereke khofi."

"Lella, nthawi yatha, ng'oma zayamba!"

"Ndadikira zaka makumi atatu. Mzinda udikire khofi abwadamuke."

*

Pabwalo panali posaponda phazi. Ng'oma ndi zitoliro zinali pakalapakala, ana atakwera m'mitengo ya malalanje, a ku Marseille akujambula ndi mafoni awo aakulu. Pansanja Si Chedly anaima manja ali lende, wooneka wokalamba kuposa m'mawa. Si Mongi anali atagwira kale chimkuzamawu, akuchiwomba ndi chala kuti aone ngati chikugwira ntchito.

Ine ndinkatsegula njira, Lella Beya akubwera pambuyo panga ndi thireyi, pathireyipo kapu imodzi ya khofi wofuka nthunzi, wonunkhira madzi a maluwa a lalanje. Anthu ataona chimene chinali pachifuwa pake, phokoso linazima kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Wang'oma anatsala dzanja lili m'mwamba.

Anakwera pansanja, nalanda chimkuzamawu m'manja mwa Si Mongi ngati akulanda mpeni kwa mwana.

"Idi yabwino nonse. Mbava ndine. Kiyiyu anagwera m'kapu mwanga m'mawa uno, ndipo amayi nonse muli pano mukudziwa lamulo lake."

Nthungululu zinabuka mbali zonse. Si Chedly anayang'ana kiyi, nayang'ana ine, nayang'ana mphete imene ndinaikweza m'mwamba, kenako anadzimenya pachipumi mwamphamvu moti chinamveka pa chimkuzamawu. Bwalo lonse linagwa ndi kuseka. Ngakhale Si Mongi anaseka mpaka chisoti kugwa, ndipo anthu ataona mutu wake anasekanso kachiwiri.

"Nesrine, mwana wanga," anapitiriza Lella Beya, "kiyi ndikupatsa, usaope. Mkazi mnzangayu wanditopetsa, umutenge. Koma sindinalandire mphatso yanga ya mchere." Anatembenukira kwa mwamuna wake, namutambasulira thireyi. "Imwani, Si Chedly. Mukhale pansi. Pang'onopang'ono."

Wina anabweretsa mpando. Meya wathu anakhala, namwa khofi pamaso pa mzinda wonse, pang'onopang'ono monga anauzidwira. Atatha ndinamupatsira mphete mwakabisira kuti aiponye m'kapu, ndikuganiza kuti ndamupulumutsa.

"Ya Tahar imeneyo," anatero Lella Beya. "Yokongola, ndivala. Koma ndikufuna chosankha inu."

Si Chedly anapapasa m'matumba a mkanjo. Anatulutsa mpango, kasukuludiraiva kamene ankamangira magetsi a mumsewu, chiphaso cha basi. Kenako dzanja lake linaima m'thumba lapachifuwa. Anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba atavala zaukwati, natulutsa kafoni kaja komangidwa ndi labala. Anakaimika m'kapu, m'nsenga za khofi momwemo, n'kubweza kapuyo pathireyi ndi manja awiri.

Lella Beya sanaimbe nthungululu ulendo uno. Anavula ulusi wofiira m'khosi, naika kiyi m'dzanja la mwamuna wake, ndipo iye anamupereka kwa Nesrine monga mwa mwambo. Ng'oma zinaphulika. Ine ndinapezeka ndikuvina ndi yunifolomu, amayi anga mbali iyi, Bechir mbali inayo.

Ndinali pafupi ndi nsanja pamene kafoni kanayamba kulira m'kapumo, kakunjenjemeretsa thireyi yonse. Dzanja la Si Chedly linanyamuka lokha, mwa chizolowezi. Lella Beya analigwira m'malere, naliika pa bondo lake, nalipanikiza ndi dzanja lake lovala mphete yobiriwira. Kafoni kanalira, kanaliranso, mpaka kanatopa, ndipo awiriwo anakhala pomwepo akuonerera gule.